Mabawuti Awiri a Mwendo wa Kumbuyo

14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Abdulrahman,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira kuti Allah akukusungani bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwaona kuti pamwambapa ndalemba tsiku lokha, adiresi palibe. Sikuti ndaiwala zomwe tinaphunzira kusukulu ayi, ndiilemba kumapeto mukamva zonse. Musadabwenso kuti ndakulemberani papepala pamene foni ndili nayo. Kawiri konse ndinayamba kujambula mawu, koma ndinalephera, ndiye ndapempha dalaivala wa basi amene mumatumizira katundu uja kuti akupatseni m'manja. Muwerenge muli nokha, chonde.

Za ngozi ya alamu anu a Yasin munamva kale. Amayi anakuuzani pa foni kuti chinyumba chawo chija chinawagwera n'kuwathyola mkono, ndipo ndikudziwa kuti anawonjezerapo zawo zina. Zothyoka mkono n'zoona. Koma momwe zinachitikira amayi sakudziwa, ngakhale a Mackson owotcherera aja, amene anthu akuwaloza zala, sakudziwa. Ndikudziwa ndine.

Ndiyambire poyambira. Mu Epulo, mvula itangosiya, alamu anu anafika ndi chinthu chachilendo pa pikapu yawo yonyamulira nandolo ija. Chinali chibokosi choyera, chitseko kumbuyo, timazenera m'mbali, ndi chimphumi chotulukira pamwamba pa dalaivala. Akuti dzina lake ndi kampa. Mzungu wina anayenda nacho maiko ambiri akugona momwemo, galimoto itamufera kuno anakwera ndege n'kuchisiya pa yadi ina kufupi ndi bwalo la ndege, pomwe chinakhala zaka zinayi nkhuku zikuikiramo mazira. M'ngodya zake zinayi muli miyendo yachitsulo yopukusa ngati jeke. Ukapukusa, miyendo imatsika n'kuchinyamula, galimoto n'kutuluka pansi pake, icho n'kutsala chili chiimire. Ukafuna kuchoka umangobwezetsa galimoto pansi n'kupukusanso. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ndipo dzuwa lisanalowe ana anali atachipatsa kale dzina lakuti nyumba ya miyendo.

Mukuwadziwa amayi, salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anaima pakhonde n'kuyamba kuuza nkhuku: "Shii! Chokani apo, musazolowere. Akamwini a anzathu akuumba njerwa, ife wathu wagula nyumba yothawira."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma mawuwo anandilowa, achimwene. Zaka zisanu pa banja, mwana palibe, ndipo njerwa ya alamu anu pakhomo pathu palibe ngakhale imodzi. Tikugonabe m'nyumba ya malemu amalume. Inu mukudziwa chifukwa chake. Mkazi wawo woyamba atamwalira ku Matindi, achibale anawasudzula bwinobwino monga mwa mwambo, iwo n'kuchoka ndi chikwama chokha, kusiya nyumba ya malata imene anamanga ndi manja awo. Tisanamange nikah anandiuza poyera kuti sadzaumbanso njerwa pa dothi la eni. Ine ndinkati ndi mawu a munthu wopwetekedwa, adzaiwala. Ndiye nditaona nyumba yoti ingathe kunyamuka, mtima unandiuza chinthu chimodzi chokha: bambowa akukonzeka kundisiya.

Komatu ntchito yake ndinaikonda, sindikubisirani. Anachitsitsa chibokosicho n'kuchikhazika pa migolo inayi, miyendo ili m'mwamba, ndipo pansi pa mgolo uliwonse anathirapo oyilo wakuda kuti chiswe chisakwere. Titatsegula m'kati, fungo lake, abale inu! Denga linkadontha pa kazenera ka pamwamba, pulaiwudi yense anali atawola moti ukamukhudza ankangofumbutuka m'manja. Tinakanganula zonse mpaka kutsala mafupa okhaokha. Alamu anu ankaboola maliveti akale limodzilimodzi, ine ndikupala silikoni wakale ndi mpeni wosendera mbatata. Silikoni watsopano woyamba tinapaka pa fumbi, ndipo titathira madzi ndi ndowa kuti tiyese, anadontha ngati sefa, n'kuyambiranso. Pulaiwudi wa khoma la kumanzere anamudula kawiri chifukwa anayesa ndi chingwe chotamuka. Ndinawaseka mpaka anandilanda pensulo. Makatani ndi zovekera matiresi ndinasoka ndine pa makina anga. M'kamwezi kamodzi ndinali nditadziwa kuti sipanala 17 ndi iti, 13 ndi iti, osayang'ana nambala.

Miyendo ndiyo inavuta kwambiri. Zitsulo zogwirizira miyendo ku chibokosi zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndiye a Mackson, aneba athu a mpingo aja amene ali ndi shedi kumsewu, anawotcherera zatsopano. Mwendo uliwonse umagwidwa ndi mabawuti atatu, olimba mwapadera, amene alamu anu anayenda masiku atatu ku Limbe asanawapeze. Atawamanga, anadula chubu cha tayala n'kuveka pa mfundo iliyonse kuti mvula isalowe. Mukumbukire chubu chimenechi.

Mu Juni apongozi anga ku Lirangwe anadwala sitiroko, mbali ya kumanja n'kufa. Alamu anu anayamba kugwira ntchito ngati akuthamangitsidwa. Tsiku lina ndikuwapatsira tiyi ndinawamva akuuza a Mackson kuti nyumbayo ikatha ikupita ku Lirangwe, chifukwa kumenekonso malo ndi a mlongo wawo, sangamangepo. Ndinalowa m'kati n'kuyang'ana bedi limene anali atangopanga. Ndinaliyesa ndi mkono. Achimwene, linali la munthu mmodzi.

Ndinawafunsa ali pamwamba kumanga sola. "Kodi nyumbayi ikamapita ku Lirangwe, nanga ine?"

Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Nthawi yake ikakwana mumva, Zakia. Tandipatsirani waya wofiirayo."

Mumva! Mkazi wa munthu, zikhadabo zitathera pa silikoni wawo, akuti mumva. Ndinawaponyera waya uja n'kukalira kubafa. Amayi ataona maso anga anangoti, "Ndinanena ine," ndipo tsiku lonselo anaimba nyimbo akusesa.

Tsopano ndafika pomwe cholembera chikulemera. Linali Lachisanu, pa 19 Julaye. Mukudziwa mmene mudzi wathu umakhalira nthawi ya Juma, amuna onse ali ku mzikiti, kumangomveka mbuzi. Amayi anali kumunda kothyola nandolo. Ndinatenga sipanala 17, ndinafutukula chubu cha mwendo wa kumbuyo, mbali ya kumanzere, n'kuyamba kumasula. Maganizo anga anali akuti akapeza mabawuti palibe, ayambanso kuzungulira mu Limbe, mwezi utha, wina utha, mpaka inu mudzabwere mu Disembala mudzatikhazike pansi. Sindinkafuna kupweteka munthu, Allah ndi mboni. Ndinkangofuna kuti nyumbayo ichedwe. Loyamba linatuluka, lachiwiri linatuluka, lachitatu linakana ngakhale ndinapondapo ndi phazi. Ndili mkati molimbana nalo ndinamva mawu a amuna akubwerera. Ndi mantha ndinakokera chubu chija m'malo mwake, n'kumanga mabawuti awiriwo pa mfundo ya chitenje.

Mwaona kupusa kwanga? Chinthu chimene ndinkafuna kuti achione, ndinachibisa ndekha. Kunja mwendowo unkaoneka wabwinobwino.

Masiku asanu ndi limodzi ndinayenda ndi mabawutiwo m'chiuno. Ndikawerama pa swala ankandigunda pantchafu. Tsiku lililonse ndinkati ndibweza lero, koma alamu anu sankachoka pa nyumbayo, ankapaka penti ya buluu m'mbali kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuwauza pakamwa ndinkalephera. Ndinadziuza kuti Lachisanu likubwerali, akangopita ku mzikiti, ndibweza zonse. Chibokosi chinali pa migolo, palibe chikanachitika.

Lachinayi m'mawa foni inalira. Anali mlongo wawo wa ku Lirangwe, akuti apongozi agwa pofuna kudzuka okha, ndipo iye yekha sangathe kuwanyamula. Alamu anu anaika foni m'thumba n'kunena kuti, "Tikukweza lero." Anatuma uthenga kwa a Mackson kuti abwere adzayendetse pikapu.

Ndinati, "Bwanji osangokwera minibasi, nyumbayi mudzatenge mawa Juma ikatha?"

"Ndikagona kuti? Penti yauma, palibe chodikira."

Posakhalitsa bwalo linadzaza. Amayi a m'mudzi anabwera ndi ana kumsana, kudzaona mkamwini wa amayi athu a Binti akusamuka ndi nyumba yake. Amayi athuwo anandigwira dzanja pamwamba pa chigongono, mwamphamvu ndithu, n'kundinong'oneza kuti, "Usalire pamaso pa anthu. Msiye apite, usatichititse manyazi."

Anayamba kupukusa. Amapukusa pang'onopang'ono, mwendo uwu kakhumi, uwo kakhumi, kuzungulira, kuti nyumba ikwere mofanana. Nthawi iliyonse akafika pa mwendo wanga uja ndinkayang'anitsitsa chubu chija. Nyumba inachoka pa migolo. Anagubuduza migolo ija n'kuichotsa. Inakwera kufika m'chiuno, kenako pachifuwa. Kunali kamphepo ka Julaye kaja, ndipo chinthu chonsecho chinkagwedezeka pa timiyendo tinayi. Ndinamva mwendo wa kumbuyo ukulira, ng'wii, ng'wii. A Mackson anaumvanso, anati, "Achimwene, ukulirawu ndi uti?" Alamu anu anati, "Ndi girisi wachepa, tiyeni." Ndinkangoti mumtima, limodzi lija ndi lolimba, linandikana ine, ligwira, kwatsala pang'ono.

A Mackson analiza pikapu n'kuyamba kubwerera chambuyo. Alamu anu anali m'mbali, akukodola ndi dzanja. "Bwerani, bwerani, kumanzere pang'ono, bwerani." Dzanja langa linali pa mfundo ya chitenje, mabawuti ndikuwamva m'zala. Nthawi yomweyo kunadutsa ndege yokatera, pansipansi monga zimachitira kwathu kuja. Ndikanatha kukunamizani kuti ndinakuwa koma ndege inaphimba mawu anga. Ndege inadutsadi, achimwene, koma ine sindinakuwe. Ndinaona maso a amayi onse aja, ndinaona dzanja la amayi athu pa mkono wanga, ndinaganiza za kumasula chitenje pamaso pawo n'kunena kuti ndine, ndipo ndinatseka pakamwa.

Pikapu inali italowa pafupifupi yonse. Waya wa magetsi unakodwa pakati pa chibokosi ndi bodi ya pikapu, alamu anu n'kulowetsa mkono kuti auchotse. Galimoto inangokhudza mwendo uja pang'ono, kukhudza koti mwendo wa mabawuti atatu sukanamva n'komwe. Kunamveka thwa! Mwendo unapindikira kunja, ngodya yonse n'kutsikira pa bodi, mkono uli pomwepo.

Sanakuwe. Anangoti, "Ya Allah," n'kugwada. Amene ndinakuwa ndine, mochedwa. Amuna anathamanga ndi mitengo n'kutukula ngodyayo, tinawasolola, mkono utapindika pomwe supindika. Kuchipatala m'tauni anati mafupa onse awiri athyoka pansi pa chigongono, koma zala zikugwira ntchito, Alhamdulillah. Anawaika chikhakha. Ndi mkono wa kumanja.

Titabwerako ndinapeza a Mackson akukwawa pabwalo, akusefa mchenga ndi zala. Anali atapeza mutu wa bawuti limodzi lokha, lodukalo. Anandionetsa n'kunena kuti, "Mlamu, zitsulo zanga sizinathyoke, onani. Koma ena awiri apita kuti? Bawuti siliuluka." Ndinati sindikudziwa. Anthu sanafune kumva zimenezo, m'mudzi monse mwadzaza kuti a Mackson ndi owotcherera achinyengo, anatsala pang'ono kupha munthu. Ndamva kuti amene anawapatsa mafelemu a zitseko akawatenga osatha. Munthu wa ana anayi, amene anatithandiza ngati m'bale.

Loweruka alamu anu anati akupitabe. Chibokosi chinali chitakhala kale pa pikapu, anangochikankhira bwino n'kuchimanga ndi malamba, a Mackson n'kuvomera kuyendetsa ngakhale anali ndi chisoni chawo. Ine ndinawaona bambowo akulimbana ndi ketulo kuti atawaze ndi dzanja limodzi, madzi akutayikira pa chikhakha. Ndinalowa m'nyumba, ndinaika zovala m'chikwama. Amayi anaima pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Ku Lirangwe."

"Wakuitana? Mlongo wako wavomera? Mwana wamkazi wa pano sachoka popanda mawu a mwini mbumba. Ukakwera galimotoyo, wakwera wekha."

Ndinawadutsa, achimwene. Sindinawadutsepo amayi chibadwire. Alamu anu atandiona ndi chikwama anangosendera kuti ndikhale pakati. Tinadutsa pa Lunzu mpaka kukafika ku Lirangwe.

Titafika n'kuwasambitsa apongozi, alamu anu anandiitanira m'nyumba ya miyendo. Anati, "Takokani thabwa ili m'munsi mwa bedili." Ndinakoka. Bedi linatambasuka n'kukhala la anthu awiri. Ndiye anandilozera kashelefu kolimba ka pansi pa zenera, kamene ndinkayesa n'koikapo mbaula. Panali timabowo tinayi. Anati, "Ndinayesa makina anu osokera muli kumsika. Kuwala kwabwino kuli apa."

Ndinakhala pansi. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze miyezi yonseyi, ine ndikuuma ngati chinangwa. Yankho lawo ndi limene landichititsa kutenga cholembera. Akuti anakuimbirani mu Meyi kupempha chitengwa, kuti anditenge tizikakhala kwawo. Akuti inu munati nkhani yotere siikambidwa pa foni, adikire mubwere mu Disembala, ndipo asauze mkazi aliyense, ngakhale ine, kuopa kuti amayi angamve kwa mkamwini musanawauze inu. Iwo monga mkamwini anasunga mawu anu.

Achimwene, kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ndikupatsani ulemu wanu wonse, koma ndakwiya nanu. Munkaimba Lamlungu lililonse, kufunsa za mbuzi, za feteleza, za denga la khitchini. Mawu amodzi okha akuti "Zakia, khala phee, mwamuna wako sakukusiya" akanakutayitsani chiyani? Inu amuna mumasungirana mwambo, ife tikufa ndi maganizo. Komabe sindikukukankhirani mlandu wanga. Sipanala munalibe m'manja mwanu, inali m'manja mwanga.

Tatha milungu iwiri ndi masiku kuno. Apongozi akupezako bwino, ayamba kugwira supuni ndi dzanja la kumanzere, ndipo mayi ndi mwana akamadya moyang'anizana, aliyense ndi dzanja lolakwika, amasekana. Ine ndimawasambitsa onse awiri, ndimawaveka, ndimawathirira madzi otawazira. Anthu a kuno akunditama kuti mkazi wa a Yasin ndi wachifundo. Chimene ndinkachifuna ndachipeza, ndili ndi mwamuna wanga, koma taonani njira imene ndachipezera.

Nyumbayo ikadali pa pikapu chifukwa ndi miyendo itatu singatsike, ndiye galimoto siikugwira ntchito pamene nyengo ya nandolo ndi inoyi. Mwendo wopindika uja a Mackson anauwongola. Dzulo alamu anu anatuma kondakitala wa minibasi kuti awagulire bawuti ku Limbe, ndipo madzulo anabwera ndi kapepala kokulunga n'kundipatsa pamodzi ndi sipanala 17. Anati, "Mawa kukacha mumange ndinu, ine dzanja ndilibe."

Ndinafutukula kapepalako. Munali bawuti limodzi.

Ndinati, "Koma pamafunika atatu."

Anandiyang'ana, osakwiya, osamwetulira. Kenako anati, "Loduka linali limodzi. Awiri enawo ndikhulupirira alipo." Atatero anatuluka kukawatembenuza amayi awo.

Lero m'mawa sindinamange, ndinanamizira mutu. Iwo sanafunse, anangoika sipanala ija pa kashelefu ka makina. Ndikulemba pano ili pambali pa pepalali.

Ndiye zopempha zanga ndi izi. Muwaimbire amayi, musadikire Disembala. Ngati mukuvomera chitengwa, nenani, ngati mukukana, kananinso poyera, ndidziwe pomwe ndaima. Mukavomera, muwauze andipatse makina anga. Za mabawutizi musawauze, ndikawauza ndekha, ndipo ndikayambira ku shedi kwa a Mackson, masana, anthu alipo, chifukwa ndi pamaso pa anthu pomwe ndinakhala chete. Koma woyamba kumva akhala mwini mkono. Sindikudziwa kuti ndikadzatha kulankhula bedi lija lidzakhala lotambasula kapena lobweza. Mundipangire dua.

Mupereke moni kwa alamu Hafsa, muwauze kuti nsalu ija inandikwana. Ana muwapsompsone. Apongozi akuti moni, ngakhale mawu akuvutabe kutuluka. Alamu anu akuti moni, ndipo akuti musadandaule za mkono, uchira. Moni wa amayi ndilibe woti ndikupatsireni, chifukwa chichokereni sanayankhe foni yanga. Mukawaimbira muwauze kuti nandolo wa kumunda wa kumtunda asachedwe naye, ndiponso kuti ndikuwasowa.

Mawa, Insha Allah, tikatha swala ya m'mawa, ndimasula mfundo ya chitenje iwo akuona.

Ndine mlongo wanu,

Zakia

M'nyumba ya miyendo itatu,
kuseri kwa nyumba ya apongozi,
Lirangwe.